Galimoto Yodontha Magazi ndi Ufa wa Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, pamene galimoto inaima koyamba pabwalo pathu kwa Mposa. Anabwera nayo malume, a Labisoni, amene ankakonza magalimoto ku Balaka kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ngakhale masiku amenewo inali yakalekale. Inali yakuda, yaitali, yachitsulo chochindikala, ndipo anaigula ku Joni itatopa kale. Inalibe kilatchi. Magiya inkasintha yokha, ngati muli munthu wobisala m'kati mwake. Ana tinkaiyang'anira patali, manja kumbuyo.

Malume sanabwere kudzaionetsa. Bambo anali ku Halale pa ntchito, amayi anali oyembekezera, masiku atayandikira. Monga mwinimbumba, malume anagamula kuti ulendo uno mlongo wawo akachirira kuchipatala cha mishoni, ndipo galimoto idikira pakhomo mpaka tsikulo.

Kutacha, ine ndi amene ndinayamba kuona. Pansi pa galimoto, pakati penipeni, dothi linali litanyowa ndi chinthu chofiira. Ndinagwada. Dontho lina linagwa ndikuona, lofiira piriwiri ngati magazi a nkhuku yongodulidwa kumene. Ndinathamanga kukauza amayi kuti galimoto ya malume yavulala.

Dzuwa lisanakwere, amayi a m'mudzi anali atazungulira. Ena anati ndi malodza. Ena anati chuma cha ku Joni sichibwera chokha, pali amene anamwedwa magazi. Amayi anga anangoyang'ana kamodzi, nabwerera pakhonde. Anauza malume kuti sakwera. Anati achirira m'nyumba kwa azamba, zivute zitani.

Malume anafotokoza kuti amenewo ndi oilo wa giyabokosi, bokosi lachitsulo losintha magiya, ndipo amapangidwa wofiira dala kuti asasokonezeke ndi wa injini. Anavomera kuti kudonthako anakudziwa ali ku Balaka. Anali atasintha kale gasiketi, kalabala kotseka mpata, ya mbale yapansi pa giyabokosi, poti madontho ankagwera pamenepo, koma sizinathandize. Amayi anamvetsera mpaka anamaliza.

"Iyayi achimwene," anatero. "Mundiikamo nditafa."

Malume anali munthu waukali. Ndinayembekezera mkuntho. Koma iwo anangopempha ufa woyera m'mbale, sefa, ndi kalilole wa amayi.

Anakwezera galimoto pa zitsa zolimba za mtondo, naigwedeza ndi phewa kuti aone ngati yakhazikika. Anandiitana ndi chala. Tinalowa pansi tonse awiri, chagada. Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba mimba ya galimoto: mapaipi, ndodo, maboti, chilichonse chogwirana ndi chinzake. Ndinali ndisanaonepo chinthu chopangidwa ndi anthu chokhala ndi matumbo. Malume anatenga dontho lija pa chala, nalipekesa, nandinunkhiza. Linali loterera, lonunkhira mozuna pang'ono. Anati likanakhala lakuda ndi lonunkha kupserera, ndiye kuti giyabokosi yafa. Lofiira chonchi ndiye kuti ili moyo, ikungotaya mphamvu. Koma akatha oiloyo pa msewu, injini idzalira galimoto osasuntha.

Tinatsuka mimba yonse ndi parafini ndi sanza mpaka chitsulo chinaoneka. Itauma, malume anasefa ufa pa chikhatho, nayamba kuuzira ndi pakamwa, pang'onopang'ono, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Momwe mikono yawo inkalephera kufika, ankandituma ine. Posakhalitsa giyabokosi yonse inayera mbee.

Apo n'kuti a Mukhuna, mkulu wa mpingo, akudutsa pa njinga. Anatsika, nasuzumira, naona ufa uli mbwee pansi.

"A Labisoni, makolo athu ankathira nsembe patsinde pa mtengo. Inu mwayamba kuthira kwa galimoto?"

"Mzimu wake ngwachizungu, abambo," anayankha malume ali pansi pomwepo. "Sulandira mgaiwa."

Anthu anaseka. Amayi sanaseke, koma ndinaona atatembenuza mpando.

Malume anatuluka, namanga buleki, nandiuza kuti ndigone phee, manja pachifuwa, maso okha agwire ntchito. Analiza injini. Chitsulo chonse chinanjenjemera pamwamba pa nkhope yanga, kutentha kukutsika ngati kwa ng'anjo. Ndinayang'anitsitsa pa mbale yapansi ija, pomwe pankagwa madontho. Panali poyera. Ndinadikira mpaka khosi linauma. Kenako m'mwamba, pambali, kutali ndi pomwe aliyense ankaloza, pa ufa panatuluka kadontho ngati diso la nyerere. Kanakula. Kanayamba kuyenda, kakulemba mzere wofiira ngati ulusi, kukhota pa boti, kutsata msoko wa chitsulo, mpaka kanafika pa mlomo wa mbale ija, nkugwa pansi.

Kwa ine zinali ngati galimoto yalankhula.

Malume atazimitsa injini anatsata ulusiwo ndi chala chobwerera, kuchokera pansi. Unathera pa kapaipi kakang'ono kotengera oilo kutsogolo kukazizira. Kanali katang'aluka pakamwa, kuseri kwa nati, mng'alu wochepa kuposa tsitsi. "Waona, Dayitoni?" anatero. "Podontha si pobooka."

Sanakonze nthawi yomweyo. Anakatenga amayi pakhonde, nawakhazika pa mtondo wogoneka pafupi ndi tayala, nagwira kalilole mopendeketsa kuti aone okha popanda kuwerama. Amayi anaona ulusi wofiira pa ufa wawo, anaona ndi pomwe unayambira. Malume analankhula motsitsa mawu, koma ine ndinali ndidakali pansi, ndinamva. Anati akudziwa kuti si galimoto imene amayi akuopa. Anatchula ngolo ya ng'ombe imene inathyoka tayala pa dambo zaka za m'mbuyo, amayi ali momwemo kupita kuchipatala, ndi mwana amene anabadwira panjira osalira. Ine sindinkadziwa kuti ndinali ndi mng'ono. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Malume analonjeza kuti ikadonthanso ngakhale kamodzi, iwo eni akaitana azamba.

Ndiye anamasula nati, nadula kapaipi pong'alukapo ndi sowo. Kukamwa kwatsopano anakufutukula ndi chitsulo chosongoka, akumenya mopepuka ndi hamala, akuzunguza, mpaka kunakhala ngati duwa la dzungu. Anamanga ndi sipanala, osati mwankhanza. Anathira oilo wofiira amene anabwera naye m'chitini, nayeza ndi ndodo yake injini ikulira. Tinatsukanso, tinauziranso ufa. Pansi amayi anayalapo okha nsalu yawo yoyera ya kutchalitchi. Injini inalira mpaka mthunzi unasuntha. M'mawa mwake amayi anapita okha kukatenga nsaluyo. Anaitambasula padzuwa, naiyang'ana mbali zonse, naipinda. Madzulo ake ndinawaona akulongedza zitenje m'dengu.

Matenda anawayamba m'mawa wina dzuwa litangotuluka. Galimoto inanyamuka fumbi lili koboo, ine ndikuthamanga pambuyo, maso pa msewu, kufunafuna dontho lofiira. Ndinafika mpaka pa dambo lija. Sindinalipeze. Mlongo wanga Estere anabadwira kuchipatala tsiku lomwelo. Anatuluka movuta, anachita kuthandizidwa ndi madokotala. Lero ali ndi zidzukulu.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinatsata malume ku Balaka, ndipo ndakalambira pansi pa magalimoto. Yakuda ija idakali kwanga, imalira. Anyamata a masiku ano akaona dontho amathamangira kumata guluu pomwe lagwera, mawa lake galimoto yabweranso. Ine ndimawatuma ufa. Amaseka, ndimawasiya aseke.

Chimene ndinachizindikira mochedwa ndi chakuti tsiku lija malume anatsata maulusi awiri. Wa galimoto unali wosavuta. Munthu akakana chinthu mouma khosi, mkazi wanga kaya mwana wanga, sindilimbana ndi mawu amene agwa pakamwa. Ndimatsata chobwerera mpaka ndipeze pong'aluka.