Mlendo pa tebulo lathu la Loweruka

Zaka zoyamba dziko litangolandira ufulu, ine ndi amuna anga tinali ndi chizolowezi chimene abale athu a ku Mongue ankati n'kudzikuza: Loweruka masana tinkapita kukadya ku pensau. Pensau inali nyumba yodyera ndi yogona alendo, ya Mpwitikizi wina amene anachoka osatsazika, n'kusiya makiyi m'manja mwa wophika wake. Inali kumtunda kwa tawuni ya Milange, moyang'anana ndi phiri la Tumbine. Wophikayo, mdala wa Chilomwe wosakonda zolankhula, anapitiriza ntchito ngati kuti bwana wake wangopita ku Kelimane ndipo abwera mawa. Nsalu zoyera ankayalabe pamatebulo ngakhale zinali zigamba zokhazokha. Zigamba zinazo ndinasoka ndine, poti ndinali ndi makina osokera.

Amuna anga anali mphunzitsi wa pulayimale. Ku pensauko tinkapita ndi akompadire ndi akomadire, banja limene linatigwirira mwana wathu woyamba pa ubatizo. Akompadire ankayendetsa lole ya ku munda wa tiyi, munthu wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Akomadire anali mnzanga wa pamtima. Nsalu imodzi tinkagawana pakati. Malo athu anali khonde la kuseri, kumene kunali tebulo lalitali la mwendo umodzi wochirikiza ndi njerwa. Tinkadya nkhuku yowotcha ya piripiri yopaka mkaka wa kokonati, ndi mpunga. Amuna ankamwa mowa wa m'mabotolo, ife tiyi, ana akuthamangitsana pansi pa mitengo ya mango.

Kenaka zinthu zinayamba kusowa. M'masitolo munatsala mashelefu ndi fumbi. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinasanduka nkhani yonong'onezana. Koma ku pensau tiyi anali wotsekemerabe. Aliyense ankadziwa kuti shugayo akuwoloka mtsinje wa Ruo kuchokera ku Muloza, kutsidya ku Malawi, ndipo aliyense ankadziwanso kuti boma limatcha malonda amenewo kandonga, ndi kuti wogwidwa nawo sankagona kwawo. Choncho shuga tinkamumwa osamutchula dzina.

Munali m'nyengo yozizira pamene mlendo wina anafika. Anali wamtali, woonda, wa ku Kelimane, ndipo tinamva kuti amutumiza kudzagwira ntchito ku ofesi ya zaulimi. Poyamba ankadya yekha pakona, nkhope atalozetsa kukhomo. Loweruka lina anaimirira, mbale ili m'manja, nadzapempha m'Chipwitikizi kuti akhale nafe, ati kudya wekha kumawawitsa chakudya. Masiku amenewo tonse tinali makamarada, kutanthauza abwenzi m'chipani, ndipo kamarada sunkamukaniza mpando. Amuna anga anamusunthira malo.

Analibe mwano, ndiyenera kunena. Ankagulira amuna mowa, ana ankawapangira tingalawa ta mapepala. Koma ankadya pang'ono n'kumamvetsera kwambiri. Chinyanja ankati sachidziwa bwino, komabe akompadire akatembenukira ku Chilomwe kuti atiuze kanthu, maso a munthuyo ankasonyeza kuti sanatsale m'mbuyo. Ndiye panali mafunso ake. Anafunsa ngati tili ndi abale kutsidya. Anafunsa ngati asilikali a pamalire amasinthana kapena ndi omwewo. Ankafunsa mosakweza mawu, akusenda fupa la nkhuku, ngati nkhani yongodutsa. Pochoka ankapempha wophika kuti amukulungire mpunga ndi nyama m'pepala, nati ndi chakudya cha madzulo.

Akomadire ndiwo anayamba kunena poyera. Tikutsika msewu wobwerera kunyumba anati munthu wa zaulimi amakhala ndi matope kunsapato, koma uyu nsapato zake zimawala ngati za wapolisi. Anati tisiye kupita ku pensau. Amuna anga anakana. Anati tikasiya mwadzidzidzi, munthuyo akalemba kuti tathawa chifukwa tili ndi chobisa.

"Njoka ili bwino ikhale poti ukuiona," anatero.

Tinapitirizabe kupita. Tinkaseka nthabwala za mlendoyo, tinkayamikira boma mokweza kuti matebulo ena amve, tinkalankhula za mvula ndi mpira. Ine nkhuku ija inasiya kundikomera. Ndinkatafuna uku ndikuyeza mawu alionse ndisanawatulutse, ndipo mwana akabwera kudzandinong'oneza kanthu ndinkachita mantha kuti mwina atchula sopo amene ndinabisa m'nkhokwe.

Dzuwa litayamba kutentha, akompadire anapeza lole Lamulungu lina, nati tikapitidwe mphepo kukamtsinje ka m'munsi mwa phiri tikatuluka ku Misa. Mlendoyo sitinamuitane. Tinangomupeza ataima pamphambano, atanyamula nanazi, akuti wophika wamuuza za ulendowu. Tinakwera naye. Kumtsinjeko tinayala mphasa pathanthwe, ana analowa m'madzi, akompadire anatsegula wailesi yawo. Inali pa siteshoni ya ku Malawi, monga inkakhalira nthawi zonse kunyumba kwawo. Anafulumira kuti apotoze, koma mlendoyo anawagwira dzanja nati aisiye, nyimbozo n'zabwino. Ine ndi akomadire tinayang'anana.

Mowa utalowa, munthuyo anafunsa ngati mwezi umenewo Ruo amawolokeka ndi miyendo. Akompadire, amene pakamwa pawo panalibe chitseko, anayankha kuti kumunsi kwa munda wa tiyi madzi amalekeza m'mawondo, ndipo asilikali safikako chifukwa cha udzudzu. Akomadire anawatsina pantchafu mpaka anadumpha. Mlendoyo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kusenda nanazi. Pobwerera m'lolemo munalibe woyimba, ngakhale ana.

Loweruka lotsatira munthuyo sanabwere ku pensau. Wophika anati wapita ku Molumbo kukaona minda. Khonde lonse linali lathu, matebulo ena opanda anthu, ndipo tinapuma ngati tatula mtolo. Akompadire anamasuka. Anatifotokozera mmene anakonzera kabokosi pansi pa mpando wa lole, kolowa thumba la shuga osaoneka. Kenaka anakweza botolo nati ufulu taupeza, koma sopo anakwera ndege pamodzi ndi Apwitikizi. Tinaseka mpaka misozi. Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo ndinamaliza mbale yanga yonse, n'kutolanso mpunga wotsala wa mwana.

Sabata isanathe akompadire anagwidwa. Asilikali anaimitsa lole pamsewu, ndipo amene anaona anati sanafufuze kumbuyo kapena kufunsa mapepala. Anangowatsitsa n'kutukula mpando. Pamsonkhano wa pabwalo anawaimika kutsogolo, thumba la shuga lili pamutu, anthu tonse tikulamulidwa kukweza nkhonya ndi kukuwa kuti kandonga agwe. Inenso ndinakweza. Akomadire anali pambali panga, nkhonya ili m'mwamba. Madzulo ake akompadire anawakweza galimoto, ndipo sitinauzidwe kumene apita.

Panalibe wa ife amene anakayika kuti wachita zimenezi ndani. Loweruka akomadire anamanga nsalu m'chiuno nati akupita ku pensau. Ndinawatsatira poopa kuti angachite zoti n'kumangidwa nawonso. Tinamupeza munthuyo atakhala pa tebulo lathu lomwe lija, yekha, mbale ili patsogolo. Ataona ife anaimirira kuti apereke moni. Akomadire sanalandire dzanja lake.

"Mwadya nafe, ana athu akukutchani malume," anatero m'Chinyanja, mosakuwa. "Tsopano mwakhuta?"

Munthuyo anabweza dzanja lake. Kenaka anayankha m'Chinyanja chomveka bwino, chimene tinali tisanamumvepo akulankhula.

"Mayi, ndikudziwa chimene mukundiganizira. Sindingakuuzeni kanthu koti mukhulupirire. Koma amuna anu sindinawagulitse ine."

Chinyanja chakecho ndicho chinatitsimikizira kuti ndi kazitape. Munthu wobisa chilankhulo miyezi yonseyi angalephere kubisa chiyani? Akomadire analavula pansi n'kutembenuka. Wophika anali ataima pakhomo la khitchini, akupukuta mbale imene inali youma kale.

Patapita masabata angapo tinamva kuti munthu uja wasowa. Kuofesi sanaoneke, chipinda chimene ankachita lendi chinali chotsegula, zovala zili pa msomali. Tinkaganiza kuti amusamutsira kwina kukatchera ena. Koma m'mawa wina kunabwera wapolisi kusukulu kudzatenga amuna anga ana akuona. Ndinakhala pakhomo tsiku lonse, makina osokera osawakhudza. Anabwerera dzuwa likulowa, osamenyedwa, koma nkhope itagwa. Anakhala pampando osavula nsapato n'kundifotokozera.

Munthu uja sanali wa boma monga tinkaganizira. Boma lomwelo linkamufuna. Mlongo wake anali mmodzi wa akazi osakwatiwa amene anagwidwa m'misewu ya mumzinda n'kutumizidwa ku misasa ya kutchire, kumene ankati akawaphunzitsa khalidwe. Mkaziyo anathawako. Mchimwene wakeyo anapempha dala kuti amutumize kumalire, ndipo miyezi yonse ija ankamubisa m'chipinda chake, akumudyetsa mpunga wa m'pepala uja. Anawoloka Ruo onse awiri kumunsi kwa munda wa tiyi. Apolisi ankafuna kudziwa amene anamulozera powolokera, ndipo amuna anga analumbira kuti sakudziwa.

Ndinayamba kunena kuti tamulakwira munthu wosalakwa, koma amuna anga anandidula. Anati sizinathere pamenepo. Wapolisi amene ankawafunsa mafunso, pofuna kuwaonetsa kuti palibe chobisika, anawabwerezera mawu a akompadire, akuti sopo anakwera ndege pamodzi ndi Apwitikizi. Anawabwereza ndendende, mpaka kukweza dzanja ngati wagwira botolo. Ananenanso kuti aphunzitsi anaseka kwambiri.

Tonse awiri tinadziwa tsiku limene mawuwo ananenedwa. Mlendo uja kunalibe. Pakhonde paja akuluakulu tinalipo anayi, ndi wophika amene ankalowa n'kutuluka.

"Kodi mawu amene aja munauzako munthu?" anandifunsa, akuyang'ana pansi.

Ndinati ayi, ndipo ndinawabwezera funso lomwelo. Iwonso anati ayi. Tinadya chakudya chamadzulo aliyense akuyang'ana m'mbale yake. Tinali titakhala m'banja zaka zingapo, koma tsiku limenelo ndinayamba kukumbukira kuti aphunzitsi onse ankaitanidwa ku misonkhano ya chipani yotseka zitseko, ndipo amuna anga sankandiuza zokambidwa kumeneko. Iwonso mwina ankakumbukira kuti pamakina anga pankabwera akazi a akuluakulu a boma kudzasoketsa madiresi, n'kukhala nthawi yaitali tikucheza.

Maganizo anga anazungulira aliyense. Wophika ankagula shuga wa kutsidya chikhalirecho osagwidwa. Kodi ankalipira ndi chiyani kuti asamukhudze? Akomadire ankapita ku misonkhano ya amayi, ndipo nthabwala yabwino sankatha kuisunga. Mwina anaibwereza kumpopi osaganiza. Mwinanso kuseri kwa mpanda wa pensau kunali munthu amene sitinamuone. Ndinkasankha mmodzi lero, mawa ndamusiya ndagwira wina.

Akompadire anabwerera mvula itagwa kale, ataonda, mano awiri akutsogolo palibe. Ntchito ya lole inali itapita. Amuna anga anaumirira kuti tiwatengere ku pensau, tikawalandire monga kale. Anavomera. Nkhuku kunalibe tsiku limenelo, tinadya mpunga ndi nyemba. Akompadire anasankha mpando woyang'ana kukhomo, ndipo wophika akayandikira ankasiya kutafuna. Amuna anga akafunsa za kumene anali, ankayankha kuti kunali bwino, aphunzirako zambiri. Tinatsazikana mwaulemu pamsewu. Kumeneko kunali kudya kwathu komaliza ku pensau, ngakhale palibe ananena kuti tisiye.

Nkhondo yapachiweniweni itafika m'tawuni tinathawira ku Malawi monga anthu ena onse. Amuna anga anamwalira komweko ndi chifuwa. Akomadire ndinakumana nawo pamzere wolandira ufa mumsasa wa othawa nkhondo, nawonso ali wamasiye. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, ndipo tinakhala pansi pa zitini zathu. Ndi pamenepo pamene anandiuza kuti amuna awo anapita kumanda akukhulupirira kuti anawapereka ndi aphunzitsi. Ndinawauza kuti ine zaka zonsezi ndinkaganizira iwo, akomadire, ndi pakamwa pawo. Sanakwiye. Anati iwo ankaganizira ine.

Mzere unasuntha, tinanyamula zitini n'kusendera kutsogolo. Anafunsa ngati ndili ndi singano yobwereka, poti bulangete lawo linali litang'ambika. Ndinawauza kuti abwere nalo madzulo ndiwasokere, ndipo anabwera.