Ndinagulitsa injini ya malume kugula dishi

Inu owerenga, ine ndinagulitsa injini ya boti n'kugula dishi ya kanema, ndipo mpaka lero ndikaiona dishiyo mtima umandiwawa. Ndikulemba izi kuti wina asadzapuse ngati ine.

Kwathu ndi ku Liwaladzi. Malume atamwalira, zaka zija matipate atangoyamba, anasiya boti, khoka la chilimira ndi injini m'manja mwanga kuti ndizisamala mbumba. Kunena zoona sizinali zanga ndekha. Mlongo wanga Asiyatu ndi wamasiye, ndipo mwana wake Zainabu ankaphunzira ku sekondale ndi ndalama za usipa wa botilo.

Tsiku lina ndili ku Dwangwa ndinaona anthu atadzaza m'chisakasa, aliyense atalipira pakhomo kuti aonere mpira wakunja pa kanema. Mutu unandizungulira. Ndinati kwathu asodzi ndi ambirimbiri, ndipo msodzi ndalama siimuchedwa m'thumba. Injini ndinagulitsa osauza munthu, n'kubwera ndi dishi, wailesi ya kanema ndi jenereta. Asiyatu sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Achimwene, chimbale chimenechi chizikoka chilimira?" Ine ndinaseka.

Mwezi woyamba zinayenda. Kenaka ndinazindikira kuti dishi sugula kamodzi. Mwezi uliwonse umalipira, ndipo kolipira kwake kunali ku Lilongwe. Kwacha itagwa, mtengo unayamba kukwera ngati madzi a mu Bua nthawi ya dzinja. Ndikafika ku ofesi ndi ndalama yonga ya mwezi watha ankati yaperewera, eti iwo amawerengera ndalama yakunja. Ulipire choncho, ufike kumudzi, kanema ali bii. Ndinkapalasa njinga mpaka pa boma kukaimba foni, mtsikana wa ku kampaniko n'kumangoti, "Bambo, zimitsani muyatsenso." Ndinazimitsa n'kuyatsa mpaka batani linaguluka. Mvula ikangochita mdima zithunzi zinkathawa, anthu n'kundizinga kufuna ndalama zawo, koma ine a kampani sanandibwezerepo ngakhale tambala.

Chimene chinandimaliza ndi chinthu choti ine mwana wa kunyanja ndinayenera kuchidziwa kalekale. Nyanja ikachita bata asodzi ndalama amakhala nazo, koma nthawi ya mpira amakhala akukonza nyali kuti alowe m'madzi. Mwera ukaomba onse amakhala kumtunda, nthawi ali nayo koma m'thumba muli mbee. Ndipo mwera womwewo unkagwedeza dishi mpaka zithunzi kusweka. Ndinkakwera padenga kukaigwira ndi manja, anthu olowa pangongole ali pansi akunditukwana kuti ndapendeketsa. Ramadhani itafika, ngakhale ochepa olipira aja ankathera ku mzikiti.

Nthawi yonseyi boti linali gone pamchenga. Anyamata okoka chilimira anatithawa, nanga ndani angapalase ndi nkhafi anzake akuthamanga ndi injini? M'malo mosiya, ine ndinauma mutu. Ndinagulitsanso chilimira kuti asandidulire kanema, poganiza kuti mtengo utsika. Sunatsike. Teremu imeneyo Zainabu anabwezedwa chifukwa cha fizi, ndipo sanabwererenso.

Lero ndimakoka chilimira cha munthu yemwe anagula injini ija. Ikalira ndimaizindikira ngakhale ili kutali. Dishi Asiyatu anaitsitsa padenga, amayanikapo mpunga, ndipo amati tsopano yayamba kugwira ntchito.

Inu owerenga, musanagule chinthu funsani kuti chimadya zingati pamwezi, komanso kuti mtengo wake amaika ndani. Ndipo za mbumba musagulitse muli nokha, ngakhale zili m'manja mwanu. Zainabu ankafuna kudzakhala namwino. Pano amagulitsa usipa m'mbali mwa msewu, ndipo ndikamadutsa amandigwadirabe n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji malume?" Bola akanamanditukwana.