Ola laulere la Nakhadi

Dzina lakuti Nakhadi ndinamupatsa ndine, ndipo sindinapepesepo. Atafika m'chipinda chathu cha lendi, pamwamba pa shopu ya matayala, ndinamugawira bedi la kuwindo ndi theka la kabati. Mwezi usanathe, theka lakelo linali litadzaza makhadi okanda oimbira foni kunja, ofiira, achikasu, ena a zilembo zoti ngakhale iye sankatha kuwerenga. Sankataya ndi limodzi lomwe. Ankati mwina mwatsalira kamphindi.

Tonse awiri timagwira ntchito yochapa pa hotela ina yaikulu, m'chipinda cha pansi penipeni, kumene netiweki sifika ndipo nthunzi imakunyowetsa mpaka m'makutu. Ine ndimayendetsa makina ochapira, iye amasita ndi kupinda nsalu za pabedi. Kwawo anali telala wa pakhonde la sitolo, wodziwa kusoka mayunifomu a sukulu. Mwamuna wake atapita ndi mkazi wina, ntchito nayo itachepa, anasiya mwana wa miyezi khumi m'manja mwa amayi ake n'kubwera kuno kunja. Mwanayo onse amamutchula Kabuthu.

Pa nkhani yoimba kumudzi motchipa, mutu wa Nakhadi umagwira kuposa wa aliyense amene ndinakumana naye. Ankadziwa kuti khadi lachikasu limalonjeza mphindi makumi awiri koma limapereka khumi ndi ziwiri. Ankadziwa kuti lofiira limatchipa Lamlungu, ndiponso kuti bambo wa pashopu ya pakona amatsitsako mtengo ukamufunsa za msana wake. Masimukhadi anali nawo atatu, amawasunga m'bokosi la machesi. Ndi amayi ake anagwirizana zofulasha: foni ikalira kamodzi n'kuduka ndiye kuti ali bwino, ikalira kawiri ndiye kuti asapite patali, aimba. Anzeru ena ankamuuza kuti aziimba pa intaneti, ndi zaulere. Iye ankangoseka, chifukwa amayi ake ali ndi kafoni ka mabatani komanga ndi mphira, ndipo safuna kumva za foni ina. Ophika, alonda, ngakhale akapitawo athu, onse ankatsika masitepe kudzamufunsa khadi labwino la sabata imeneyo.

Koma katswiri ameneyu anali ndi vuto limene khadi silikanathetsa, ndipo vutolo linali moni. Foni ikalowa, amayi ake ankayamba ndi kufunsa za moyo, za kuzizira, za ntchito, za ine amene sanandionepo. Kenako, "Dikira upatse moni azakhali ako." Azakhali nawo ankayambira pachiyambi pomwe, n'kupereka kwa alamu, alamu kwa aneba amene angobwera kudzabwereka sefa. Foni imayenda kuyambira kwa wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, ndipo wamng'ono pakhomopo ndi Kabuthu. Mphindi zinkatha foni isanamufike. Kawiri kokha inamufika: ulendo wina anali mtulo, ulendo wina anangodina batani lofiira.

Choncho mwana anali kuyandikira zaka zitatu, anthu akuti amalankhula ngati wailesi, koma mayi wake anali asanamvepo liwu ndi limodzi lomwe lotuluka pakamwa pake. Ankangomva kulira kwake chapatali, kumbuyo kwa moni wa anthu ena. Zimenezi zinkamudya mtima, ndipo ine zinkandipsetsa mtima.

"Iwe, ungowauza kuti ayambe kukupatsa mwanayo," ndinatero tsiku lina tikupinda mathawulo.

"Asisi, inuyo mungawadule akuluakulu pakamwa? Adzati kunja kwandiwononga."

"Ndingawadule bwinobwino."

Linali bodza. Ine amene ndimamvera azakhali anga akufotokoza maloto awo mpaka khadi kutha.

Lachinayi lina anatsika masitepe awiriawiri, chikwama chili lendelende, akukuwa asanafike n'komwe pansi.

"Asisi! Ola! Ola lathunthu!"

Pa depoti ya mabasi anapeza anthu a kampani ina yatsopano atakhoma ambulera, akugawa masimukhadi. Aliyense wolembetsa ankalandira ola limodzi laulere loimbira dziko lililonse, koma loimba ulendo umodzi, pasanathe masiku atatu. Anawafunsa katatu, anawerengetsa kapepala kawo kwa mlonda wathu, ndipo zinali zoona. Tsiku limenelo anasita akuvina. Anawerengera kuti pakhomo pamakhala anthu anayi, aliyense atadya mphindi khumi, Kabuthu zimutsalira makumi awiri. Analemba mafunso kuseri kwa kapepala ka zochapa: umakonda kusewera chiyani, mnzako ndani, ukudziwa nyimbo yanji.

Ndiye pomwe analakwitsa, ndi chisangalalo chomwecho. Anatumiza uthenga kwa amayi ake: "Loweruka 12 koloko ndiimba ola lathunthu. Kabuthu asagone." Mayi wonyadira mwana wake sasunga nkhani yotere m'kamwa.

Loweruka akapitawo anatipatsa ola lonse la masana osanyinyirika, poti Nakhadi yemweyo ndiye anawapezera khadi loimbira akazi awo. Tinakhala pa masitepe a kuseri kwa hotela, pafupi ndi mabini, pamene netiweki imagwira bwino. Iye anatsegula sipika, ine ndinagwira foni yanga kuti ndiziona nthawi. Foni italowa tinamva kukokedwa kwa mipando, kutsokomola, kuseka, ngati pamsonkhano.

"Mwana wanga, tonse tili pano!" anatero amayi ake. "Tilipo khumi ndi awiri, amalume ako okha ndi amene sanafike."

Nakhadi anandiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ine ndinayang'ana mabini.

Koma mtsikana uyu sagwa mphwayi msanga. Anayamba kupereka moni mwaliwiro loti sindinalimvepo, akuyankha funso lisanathe, akuseka nthabwala isanafike pakati. Amayi anadya mphindi zisanu. Azakhali aakulu zisanu ndi ziwiri, chifukwa cha dzino. Alamu anafuna kudziwa mtengo wa njinga yamoto kuno. Mayi wina wa kwaya anaimbako vesi. Ine ndinkakweza zala, iye akugwedeza mutu, thukuta lili kamukamu, phazi likugunda simenti. Pofika mphindi makumi anayi ndi zisanu foni inali m'manja mwa msuweni wake wamkazi, womaliza pa akuluakulu onse. Nakhadi anatambasula kapepala ka mafunso pabondo.

"Mphindi khumi ndi zisanu, asisi," ananong'ona. "Zonse zake!"

Kenako tinamva belu la njinga, ndi anthu akuimirira.

"Amalume afika!"

Foni imene inatsika movutikira chonchija inakweranso pamwamba. Amalume amenewa ndi mlongo wa amayi ake, amene anamulera bambo ake atamwalira, n'kumuphunzitsa kupalasa makina osokera. Salankhula mothamanga. Anayamba ndi kuthokoza Mulungu, kenako anafotokoza chifukwa chimene achedwera, kuyambira pamene tcheni chinaduka. Atamaliza za tcheni analowa za bondo lawo. Nakhadi ankangoti "inde amalume, pepani amalume," misozi italenga m'maso. Ndinamuonetsa zala khumi. Kenako zisanu ndi zitatu. Nditamuonetsa zisanu ndi chimodzi, amalume anali atangoyamba kumene nkhani ya denga.

Anaimirira, n'kupinda mawondo pang'ono ngati amalumewo akumuona.

"Amalume, mundikhululukire, ndikudulani pakamwa. Nthawi yatha. Ndikupempha mwana wanga. Sindinamumvepo akulankhula."

Ngakhale wotsokomola uja analeka. Ine ndinkaganiza kuti basi, dzina lake laipa mpaka kalekale.

"Ukuti chiyani?" anatero amalume. "Chichokereni sunamumve?"

"Ayi amalume."

"Zaka ziwiri?" Mawu awo anatembenukira kwa anthu aja. "Nanga anthu inu mwakhala mukulankhula chiyani nthawi yonseyi? Manyazi mulibe? Mwana ali kuti? Bweretsani mwana!"

Za tcheni ndi bondo lawo anali ataiwala. Koma mwana panalibe. Anamusambitsa m'mawa, anamuveka diresi ndi nsapato za kutchalitchi, anamukhazika pampando kuti adikire, ndipo pakati pa moni wa anthu khumi ndi awiri iye anatopa n'kuzemba.

Zimene tinamva pambuyo pake sindidzaziiwala. Mipando inagwa. Azakhali a dzino aja ankakuwa kuti aone kuseri kwa bafa. Mayi wa kwaya ankaitana mokweza kwambiri moti galu anayamba kuuwa. Amalume sanasiye foni, anathamanga nayo, bondo lomwelo, tikumva mpweya wawo uli wefuwefu ndi makiyi akulira m'thumba.

"Uyo! Ali kwa aneba! Mutsekereni uko!"

"Zinayi!" ndinakuwa ine, ngati angandimve.

"Thamangani amalume!" Nakhadi ankadumpha pa masitepe, akuseka, akulira. Ophika awiri anatuluka ndi zipande m'manja, mlonda anasiya geti. Sankamva chinenero chathu, koma nawonso anayamba kukuwa.

Kabuthu anaona khamu la akuluakulu likumuthamangira, ndipo anachita zimene mwana aliyense wanzeru angachite, analiyatsa liwiro. Anazungulira nyumba ya aneba, anadutsa pansi pa chingwe cha zovala. Zitatu. Ziwiri. Anagwidwa ndi alamu pafupi ndi mpanda. Mawu a makina analowerera kutichenjeza kuti yatsala mphindi imodzi.

"Gwira apa," anatero amalume, mpweya ukuwathera. "Amayi ako ali umu. Amayi ako enieni. Lankhula."

Tinamva kupuma kwa mwana, kofulumira, kwa mamina. Nakhadi anagwada pa sitepe, foni ataigwira ndi manja awiri. Kapepala ka mafunso kanali katauluka kalekale.

"Kabuthu? Ndine amayi, mwana wanga."

Ine ndinasiya kuyang'ana nthawi, sindikanatha.

Kenako kanatuluka kamawu kosasa, kokwiya, kokulirapo kuposa mmene tinkaganizira.

"Amayi, anthu awa andithamangitsa. Nsapato yanga yagwa."

"Ndani wakuthamangitsa? Ndiuze, ndani?"

"Agogo aamuna. Ndi alamu. Onse."

"Ndiwakalipira onsewo, wamva? Nsapato ndikugulira ina."

"Yofiira."

Foni inaduka.

Nakhadi anakhala chogwada kanthawi, kenako anadzuka n'kundikumbatira mwamphamvu moti foni yanga inagwera pansi. Anakumbatira ophika, anagwira chanza mlonda. Anatsika masitepe akukuwa m'chipinda chochapira, makina onse akulira, kuti mwana wake amati "yofiira", kuti ali ndi mawu osasa ngati a agogo ake, malemu bambo a Nakhadi.

"Mwamva asisi? Anthu khumi ndi atatu ali pomwepo, koma dandaulo wabweretsa kwa ine! Wawanenera kwa ine!"

Ndinamva, ndipo ndinalira, ine amene sindilira pantchito.

Titaweruka sanalole kuti tikwere basi. Anandikoka mpaka ku sitolo ya nsapato ya mumsewu waukulu, akubwereza mawu aja njira yonse, akuyesa kusasa mawu ngati mwanayo. Anapita molunjika pa shelefu ya ana, n'kutola kansapato kofiira ka lamba, akukatembenuza uku ndi uku, nkhope ili ngwee. Mayi wogulitsa anabwera akumwetulira, n'kufunsa kuti mwanayo amavala saizi yanji.

Nakhadi anatsegula pakamwa. Anayang'ana kansapato kaja, anayang'ana kena kokulirapo pambali pake, kenako anatambasula chikhatho chake n'kuyeza kaphazi ka mwana wa miyezi khumi.

"Asisi," anatero chapansipansi, "pano kafika pati?"