Mtengo wa boma, mizu ya Anambewe

Lachiwiri lapitali ndinagwa pa njinga ya kabaza, ine munthu wamkulu ndi imvi zangazi, anthu akuona. Tinali pa kamsewu katala kotuluka pa Boma kulowera cha ku Kachebere, pamalo pomwe mizu ya mtengo wa malaina yatukula tala n'kupanga chitunda ngati mzere wa mbatata. Wakabaza amati azembe galimoto, tayala n'kugunda muzu, tonse khu pansi. Thalauza linang'ambika pabondo, chigongono chinasupuka.

Wakabazayo sanandifunse n'komwe ngati ndavulala. Anangodzuka n'kulunjika pakhomo loyandikana ndi mtengowo, n'kuyamba kulalatira mayi wachikulire amene ankasesa pabwalo. Akuti mtengo wawo utha anthu, akuti akudikira maliro kuti audule. Mayiwo anaika tsache pansi, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi madzi amchere oti nditsukire bala. Zinkachita kuonekeratu kuti sindine woyamba kugwera pakhomo pawo.

Amenewa ndi Anambewe, mayi wamasiye amene amakazinga mandasi n'kumagulitsa kwa madalaivala a mathiraki opita ku Zambia. Nditatsuka bala, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Abale inu, khoma la chipinda chawo chogona lang'aluka kuyambira pansi mpaka pawindo, mng'alu woti dzanja langa linalowa lonse. Muzu umodzi ndi uja unandigwetsa pamsewu, unzake wadutsa pansi pa bedi lawo n'kutukula simenti. Mvula ili pafupi, ndipo sakudziwa ngati khomalo lipirire dzinja lino.

Ndinafunsa funso la wakabaza lomwe lija, koma mwaulemu. Bwanji osangoudula?

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Mtengowo sanabzale ndi iwo. Unabzalidwa kalekale pa tsiku lobzala mitengo, ana asukulu ataimitsidwa padzuwa kuimbira mabwana. Khoma litayamba kung'aluka, anapita ku ofesi ina kukapempha chilolezo choudula. Kumeneko anauzidwa kuti mtengowo uli m'malire a msewu, choncho ndi wa boma, ndipo akangoukhudza ndi nkhwangwa akagona m'chitokosi. Anawatumiza kwa oona za misewu. Oona za misewu anati iwo amadziwa tala basi, za mitengo abwerere komwe achokera. Anayenda mayi mpaka masilipasi anatha.

Ndiye mwezi wathawu panaima galimoto, n'kutsika anthu ovala zipewa zolimba kudzayeza chitunda chija. Mmodzi mwa iwo anawaloza chala.

"Anandiuza kuti, 'Mayi, mtengo wanuwu ukuwononga msewu wa boma.' Ine ndinati, 'Bwana, wakhala liti wanga? Pomwe ndinkafuna kuudula paja munkati ndi wanu.' Anangokwera galimoto n'kumapita."

Mwamva zimenezo? Thunthu ndi la boma. Nthambi ndi za boma. Mthunzi ndi wa aliyense, poti akabaza otukwana omwewo ndi amene amapumirapo masana, n'kumadya mandasi a mayi yemweyo. Koma mizu, poti ndiyo ikulakwa, ndi ya Anambewe.

Zikundiwawa, ndipo osati chifukwa cha chigongono. Khalidwe limeneli latilowerera. Timakonda kubzala, chifukwa pobzala pamakhala makamera, matisheti ndi manja ambiri. Kodi tsiku limenelo alipo amene amafunsa kuti malaina akakula mizu yake idzafika pati? Alipo amene amabwerera kudzaona? Chinthu chikamakoma eni ake amachuluka. Chikavuta timayang'ana kuti wofooka amene wayandikana nacho ndani, n'kumukoleka mlandu. Ndi mmene timachitira ndi mjigo ukafa, ndi mmene timachitiranso ngalande ikatsekeka.

Wina asandimve molakwa. Sindikuti mitengo igwe. Makala ndi fodya zatimalizira kale mitengo kuno ku Mchinji, ndipo yotsalayi ndi yofunika kuisamala. Ndikungoti amene ali ndi mphamvu yoletsa nkhwangwa akhalenso ndi udindo pa zomwe mizu yachita. Ng'ombe siikhala yako pokama pokha, ikalowa m'munda wa eni n'kumati sukuidziwa. Ngati mtengowo ndi wa boma, boma lidule mizuyo, likonze msewu, liwonenso khoma la mayiyu. Ngati ndi wa Anambewe, apatseni kapepala audule mawa. N'chovuta chiyani pamenepa?

Potsanzikana ndinaona phulusa patsinde pa mtengowo, khungwa litapsa mbali imodzi. M'mawa uliwonse Anambewe akasesa amaunjika zinyalala pomwepo n'kuyatsa moto.

"Ine sindikudula mtengo wa boma," anatero. "Ndikungotentha zinyalala zanga."

Sindinawadzudzule. Ndikanayambira pati? Koma mtima unandipweteka nditakweza maso, chifukwa mtengowo wapendekera kudenga la nyumba yawo. Uuma pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mphepo idzaukankha. Iwonso akudziwa. Maofesi awasiyira kusankha pakati pa muzu wogwetsa khoma ndi thunthu lophwanya denga, ndipo asankha chomwe angathe ndi tsache ndi machesi.

Tsiku limene mtengowo udzagwe, ndikukuuzani, eni ake adzapezeka. Adzafika m'mamawa ndi macheka kudzatenga matabwa a boma. Kodi asanayambe kucheka adzakumbuka kufunsa ngati pansi pa nthambizo pali munthu?