Fupa la a Phiri linamva pansi

Ntchito yanga yoyamba ku Rotherham, m'dziko la azungu, anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi. Kwathu ndinali namwino, koma kuno mapepala anga anali asanavomerezedwe, ndiye ndinayamba yosamalira odwala m'makomo mwawo. Ndinkangokhalira kukwera ndi kutsika mabasi m'mvula, pofika kunyumba miyendo italemeratu, njala yomwe itathawa.

Mwa odwala anga munali a Phiri, bambo wachikulire wa kwathu konkuja, amene anadulidwa mwendo pamwamba pa bondo atachita ngozi ya galimoto. Mwendo wochita kuvala unawasupula khungu zaka zambiri, mpaka madokotala anawaika chitsulo m'fupa la ntchafu, nsonga yake itatulukira kunja, kuti mwendo wopanga uzimangidwa pomwepo. Ine ndinkatsuka potulukira chitsulopo ndi madzi a mchere, kupukuta ndi kansalu koyera, ndi kuwayang'anira akamakanikiza pa sikelo kamwendo kakafupi kophunzirira komangidwa pachitsulopo kuti fupa lizolowere kulemera pang'onopang'ono. Mayi wachizungu wophunzitsa odwala kuyenda anandichenjeza kuti, "Asapyole muyeso. Pakafiira uimbe foni, chifukwa matenda akalowa m'fupa chitsulocho chichotsedwa."

Koma a Phiri anali samva za anzawo. Ankafuna kuyenda dzulodzulo.

Tsiku lina ndinapeza pachitsulopo pafiira, pakutentha, timafinya tikutuluka. Ndinafunsa, "Bambo, mukumva kuwawa?"

"Sindikumva kanthu," anatero, thukuta lili kamukamu pamphumi. Kenako anatsitsa mawu. "Mwana wanga, usawauze azunguwo. Andibwezera pa njinga ya olumala. Mwana wa kwathu sangandichite chipongwe chotere."

Zinandipweteka kwambiri. Ndinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo m'dziko lozizirali iwo okha ndiwo ankanditchula mwana wawo. Ndinagwada monga mwa mwambo, ndikuti, "Pepani bambo, ndiimba." Ndinaimbadi ndili chigwadire.

Anawapatsa mankhwala ndi kuwaletsa sikelo kwa nthawi yaitali. Chitsulo chinapulumuka, koma moni wanga sankayankhanso. Ndinkatsuka bala la munthu woyang'ana kukhoma, ndikutuluka ndi mtima wolema kuposa miyendo.

Patapita miyezi anawamangira mwendo wautali. Sankautayanso m'mbali monga ankachitira ndi wakale uja, ngakhale ndodo ankagwirabe. M'mawa wina akuchoka pabalaza kulowa kukhitchini anaima chilili, phazi la pulasitiki lili pa matailosi. Analibwezera pa kapeti, nkulipondetsanso pa matailosi.

"Iwe Nachisale," anandiitana koyamba chiyambire tsiku lija. "Ndikumva pansi. Apa pofewa, apa polimba. Zikudzera m'fupamu."

Ndinali nditatopa moti sindinathe nkomwe kulira. Ndinangoti, "Fupa lanu limamva kuposa eni ake."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kuchokera pamenepo wodwala wamkulu aliyense ndimamugwadira ndithu, koma foni ndimaimba.