Tagi Yanga Inali M'thumba

Ntchito ndinaipeza chifukwa cha chubu cha njinga. Ndinali nditakhala miyezi isanu ku Lewisham, m'dziko la azungu, kwa achimwene amene anachoka kwathu pa nkhani za ndale. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Chimene ndinkadziwa n'kumata machubu, chifukwa ndi zimene ndinkachita pansi pa mtengo ku Limbe.

Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi tinapeza tayala la njinga ya a Tembo litaphwa. A Tembo anali bambo wachikulire wa ku Chipata, woseka ndi aliyense. Zigamba ndi guluu anali nazo m'kachikwama. Ndinabwereka supuni ziwiri kukhitchini ya tchalitchi, ndinavula tayala, ndinapeza bowo ndi malovu, n'kumata. Iwo anayandikitsa chigambacho kumaso, kenako anachisisita ndi chala.

"Iwe Mwale, uziba labala," anatero m'Chinyanja chawo. "Bwela pa Mande ku Greenwich. Tili na chubu chikulu kuchila nyumba yako."

Ndinkayesa nthabwala. Koma chubucho chinalipodi. Chinali cha hovakirafiti, chombo chachikulu chimene chinkawolotsa anthu ndi magalimoto kupita ku France. Sichiyenda m'madzi ngati sitima, sichikwera m'mwamba ngati ndege. Mafani amapopera mphepo pansi, chinsalu cha labala chozungulira chombo chonse chimagwira mphepoyo, chombo n'kukhala pamwamba pake. Chinsalucho amachitcha siketi. Kumtunda kwake kuli thumba lalikulu, kumunsi kuli timatumba tambirimbiri totchedwa zala. Zala ndizo zimakhudza madzi ndi mchenga, choncho zimatha msanga.

Ife tinali anthu a siketi. Shedi yathu inali ku Greenwich, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Kumeneko tinkadula labala ndi mpeni potsata chitsanzo cha thabwa, kuboola mabowo ndi panchi, kupala ndi sandipepa, kupaka guluu, kumata, kupsinja ndi rola. Nthawi yachisanu okwera ankachepa, ndiye chombo ankachitulutsa kuti achikonze chonse. Pamenepo tinkakwera vani m'mamawa kupita kugombe ku Kent. Chombo ankachitsuka ndi madzi opanda mchere, n'kuchikweza pa majeke. Ife tinkalowa pansi kumasula zala zakutha ndi kumanga zatsopano.

Anthu a mainjini ankatitcha atelala. A Tembo ankawayankha kuti mayi ameneyu popanda siketi satuluka m'nyumba. Tinkaseka kwambiri. Manja ankaphwanya ndi chisanu, ovolosi inkanunkha guluu, koma ndinkadzuka ndi mtima wofuna kupita. Sindinagwirepo ntchito imene ndinaikonda chotero.

Kapitawo wathu anali mzungu wa ku Deptford, dzina lake Reg. Sankalankhula zambiri, ngati ine ndemwe. Anali ndi malamulo awiri. Loyamba: bawuti iliyonse ya chala ikhale ndi washala wamkulu, kachitsulo kaphwatalala ka bowo pakati, mbali zonse ziwiri, chifukwa washala wamng'ono amang'amba labala mafunde akamenya. Lachiwiri: aliyense anali ndi tagi, kachitsulo ka nambala yake. Polowa pansi pa chombo upachike tagi pa bolodi. Potuluka uichotse. Bolodi ikakhala yopanda tagi, ndiye kuti pansi palibe munthu, majeke akhoza kutsitsa.

"Ine sindiwerenga anthu," Reg anandiuza tsiku loyamba. "Ndimawerenga matagi."

Tsiku lovuta linabwera m'chisanu changa chachiwiri. Tinali tikumaliza. Reg anali atayendera kale zala zonse dzulo lake, kupatula zisanu ndi chimodzi zakutsogolo zimene a Tembo anamanga m'mawa umenewo. Ntchito ya a Tembo Reg sankaiyendera, anali nawo zaka zambiri. Ine potola zida ndinagwira chala chimodzi, ndinamva kuti washala ndi wamng'ono. Ndinagwira chachiwiri, chimodzimodzi. Zonse zisanu ndi chimodzi. A Tembo anali atatapa mawashala m'chitini cholakwika. Ndinakumbuka mmene anayandikitsira chigamba chija kumaso. Ndinazindikira kuti maso awo akutha, ndipo akubisa kuti asawachotse ntchito.

Ndinaganiza. Kuuza Reg n'kuwapereka. Kuwauza iwo n'kuchititsa manyazi munthu wa msinkhu wa bambo anga, amene anandipezera ntchito. Kwathu mwana sauza wamkulu kuti walakwa, amangokonza mwakachetechete. Ndiye nthawi ya chakudya chamasana itakwana, anzanga atalowa m'kantini, ndinatenga sipanala ziwiri ndi mawashala aakulu. Pa bolodi ndinaima pang'ono. Ndikapachika tagi, Reg afunsa kuti ndikutani pansi. Ndinaibweza m'thumba, n'kukwawira mkati.

Sindinadziwe kuti woyendetsa chombo anali atabwera kudzanena kuti mphepo yoipa ikubwera madzulo, ndiye kuyesa chombo panyanja kuchitike msanga. Reg anadula nthawi ya chakudya. Anayang'ana bolodi. Panalibe tagi. Analiza hutala, koma pakati pa labala wokhuthala ndinangomva ngati galimoto yakutali. Ndinali pa chala chachisanu.

Kenako majeke anayamba kung'ung'udza. Labala wa pamutu panga anayamba kundikanikiza pamapewa. Njira imene ndinalowera inali ikupindika. Ndinagona chagada n'kuyamba kumenya chitsulo cha chombo ndi sipanala. Kukuwa ndinakuwa, koma mawu sankapita patali.

Mwadzidzidzi majeke anaima. Patapita kanthawi anayamba kukweza. Munthu anandigwira mwendo n'kundikoka ngati thumba la makala. Anali a Tembo.

Pambuyo pake ndinamva mmene zinachitikira. Potuluka m'kantini a Tembo anaona bokosi langa la chakudya lili chitsekere pa benchi, tiyi osamwa. Anathamangira kwa Reg akukuwa kuti, "Stop! Mwale sasiya chakudya!" Majeke atakhala chete ndi pamene onse anamva sipanala yanga.

Reg anali atafiira mpaka m'khosi. Anatambasula dzanja. Ndinatulutsa tagi m'thumba n'kumupatsa.

"Chifukwa chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Iye anati ngati sindiyankha, ndikwere vani ndipo ndisadzabwerenso. A Tembo anatola washala wamng'ono amene anagwa m'ovolosi yanga, anamuzungulitsa m'zala zawo. Anamvetsa. Anauza Reg zonse, za chitini, za maso, pamaso pa anthu onse.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Chitsilu iwe! Nanga nikanakamba chani kuli akulu bako? Kuti wafa na ulemu?"

Reg anatipeputsa tonse awiri ndi mawu amene sindingalembe pano. Anandipachikitsa tagi, anapachika yake, tinalowa limodzi kumaliza chala chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi. Atatuluka anati ine ndikhala ku shedi ya ku Greenwich mwezi wathunthu, kusesa ndi kupala labala. Analamulanso a Tembo kukayezetsa maso sabata yomweyo. Palibe amene anachotsedwa.

Koma masanawo anatikweza tonse poyesa chombo. Mainjini analira, siketi inafufuma, chinthu chonse chija chinadzuka ngati ng'ombe, n'kutsetsereka kulowa m'nyanja. Ndinaima pawindo lakutsogolo, pamwamba pa zala zisanu ndi chimodzi zija. Ndinaseka ngati mwana. Titabwerera tinaziyendera. Panalibe chong'ambika.

Patatha sabata ziwiri a Tembo anafika ku shedi atavala magalasi okhuthala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwale, kansi ndiwe woipa nkhope so? Sembe ninaona, sembe sininakulembetse."

Tinagwira limodzi zaka zina zisanu ndi ziwiri. Analakwitsanso kangapo, inenso ndinalakwitsa. Akalakwitsa ndinkawatengera pambali n'kunena kuti, "Bambo, apa sipali bwino." Ankandithokoza, kapena kunditukwana pang'ono, kenako tinkakonza. Wamkulu umamuuza ndi pakamwa, mwaulemu, iye ali pomwepo. Tagi ija Reg anandipatsa tsiku limene shedi inatsekedwa. Ili pa msomali kukhitchini kwanga. M'thumba siinalowenso.