Ndinathira Utuchi wa Mlamu Wanga mu Difu

Inu owerenga, mwamuna wa mlongo wanga ali ndi mwendo umodzi, ndipo winawo ndinamudulitsa ndine. Sindinagwire nkhwangwa iyayi. Ndinachita ndi mbale imodzi ya utuchi, chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito. Ndikamakumbuka mtima umandiwira mpaka lero.

Inali nthawi ya atsamunda, Chitaganya chisanabwere. Ndinkayendetsa pikiapu ya mzungu wina wogula thonje ku Balaka, amene tinkamutcha Kamphuno. Udalaivala masiku amenewo unali ulemu: kabudula wa khaki, chipewa, anthu kukupatsa moni ndi manja awiri. Koma kwa Kamphuno kunali lamulo lauchitsiru lakuti dalaivala akanena kuti galimoto yavuta, ndiye kuti waiwononga ndi iyeyo. Amene ndinalowa m'malo mwake anapitira kungonena kuti mabuleki atha. Tangoganizani, munthu kumuthamangitsa chifukwa chonena zoona.

Dzinja lina Kamphuno anandikakamiza kuwoloka Rivirivi madzi akumiza mateyala. Ndinawoloka, koma madzi analowa mu difu. Kwa inu amene simunalowepo kunsi kwa galimoto, difu ndi chimphika chachitsulo chija chili pakati pa mateyala akumbuyo. M'kati mwake muli magiya olumana mano amene amazungulitsa mateyalawo, ndipo amayenera kusambira mu oyilo wabwino nthawi zonse. Patatha masiku, difu ija inayamba kulira, ndikawonjeza liwiro nayonso imakweza mawu. Nditamasula nati n'kupisamo chala, ndinapeza oyilo atayera ngati mkaka. Ndinadziwiratu kuti ikufunika kutsegula, kutsuka ndi kusintha zotha. Koma ndikanakamuyamba bwanji Kamphuno? Zoti anandituma yekha kuwoloka mtsinje akanazikana m'maso muli gwa.

Tsiku lina ndikudikira kuwolotsa galimoto pa doko la Liwonde, ndinadandaulira a Che Bwanali, fundi wina amene ankakonza njinga ndi malole pansi pa mtengo. Anaseka kwambiri. "Achimwene, difu ikamalira ndiye kuti ili ndi njala. Thiranimo utuchi wosalala, simudzaimvanso." Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, kundiuza zoterozo. Ndipo ine, wodziwa kuwerenga, wokhala ndi laisensi ya boma m'thumba, ndinathokoza n'kuwagulira tiyi.

Mlamu wangayo, a Fabiano, anali mmisiri wa matabwa kwathu ku Rivirivi, munthu wosadziwa kukaniza. Nditawapempha utuchi anafunsa kuti ndi wa chiyani. Ndinanama kuti ndikufuna kumata ming'alu ya chitseko. Iwo anati ngati ndi choncho ukufunika wosalala kwambiri. Anabwereka sefa ya mlongo wanga, n'kukhala pansi kundisefera utuchi wofiira wa mbawa mpaka mbale inadzaza.

Ndinathira wonse. Difu inangoti zii. Kamphuno atakwera anati galimoto ikuyenda bwino kuposa kale, ine n'kumamwetulira ngati wanzeru. Sindinadziwe kuti utuchi ukumwa oyilo wotsalayo, ndipo zitsulo zikudyana zouma. Chimene ndinatseka chinali pakamwa pokha, matenda anali momwemo.

Patapita masabata awiri, ndikuchokera ku Zomba ndi matumba a mchere, ndinapeza a Fabiano m'mbali mwa msewu ku Machinga ali ndi matabwa amene anagula. Kunali masana, dzuwa likuswa mtengo. Tinakweza matabwa, iwo n'kukhala kumbuyo kuti aziwagwirizira. Titayamba kutsetsereka kulowera ku Liwonde, ndinamva fungo la chinthu chopserera. Pano ndiye pamene sindidzikhululukira. Ndinalimva bwinobwino, ndinadziwa kumene likuchokera, koma ndinati ndikaonere pa doko, poopa kuti ndikaima mlamu afunsa chavuta n'chiyani.

Sitinafike pa doko. Kunsi kunamveka kuti khoo, mateyala onse akumbuyo anauma nthawi imodzi, galimoto inakhukhuluzika cham'mbali pa miyala n'kugubudukira m'ngalande. Ine ndinatuluka ndi kabala pachipumi basi. A Fabiano mwendo wawo wamanzere unali kunsi kwa bodi ya galimoto. Anthu a m'mudzi wapafupi anatukula galimoto ndi mitengo, tinawanyamula pa machira mpaka ku chipatala cha mishoni. Kumeneko anaudula pamwamba pa bondo.

Kamphuno atafika pamalopo anazungulira galimoto yake kawiri, akusisita mopindika monse. Za munthu wovulala sanafunse ngakhale liwu limodzi. Anaitanitsa makaniko wochokera ku Blantyre, ndipo atatsegula difu munatuluka chiphala chakuda chodzaza utuchi, mano a magiya ataphwanyikiramo. Ntchito inathera pomwepo. Anandilanda chipewa ndi khaki, ndinabwerera kumudzi nditavala kabudula wobwereka. A Che Bwanali nditawapeza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti sanandionepo chibadwire. Ndinatsala pang'ono kuwaphwanya ndi pampu yawo yomwe. Onse awiriwo ndimawakwiyira mpaka lero, ndipo sindidzasiya. Koma amene anatenga mbale n'kuthira ndi dzanja lake si Kamphuno, si Che Bwanali.

Nkhani ya utuchi inawanda Balaka yense. A Fabiano atatuluka m'chipatala anandiitanitsa. Ndinawapeza ali pa mphasa pakhonde, mlongo wanga ataima pakhomo osandipatsa moni. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo kukanakhala bwino akanatero. Iwo anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Alamu, utuchi akunenawo ndi uja ndinakuseferani?" Ndinagwedeza mutu kuvomera. Mlongo wanga analowa m'nyumba, anatuluka ndi sefa ija n'kukaiponya m'chimbudzi.

Inu owerenga, makamaka inu oyendetsa galimoto, chitsulo chikamalira kunsi kwanu imani, tsegulani, muone. Mukawoloka madzi akuya, yang'anani oyilo wa mu difu tsiku lomwelo. Fundi wokuuzani njira yotontholetsa phokoso osakonza chimene chatha, muthaweni. Ndipo bwana wodana ndi kumva zoona, muuzeni zoonazo basi, akuchotseni ngati akufuna. Ine ntchito ndinkaitetezayo inathabe, ndipo ndinapezanso ina patatha chaka. Mlamu wanga sanapezenso mwendo wina.

Amapalabe matabwa atakhala pa mpando. Ndodo imene amayendera anasema okha, ya mbawa. Ikamagogoda pa njira kubwera kwathu, ndimaimva asanafike pa mpanda.